Mayi Amene Ankasambitsa Chinaka

Mayi Hilda ndinayamba kuwayang'anitsitsa osati chifukwa chowakonda ayi, koma chifukwa mwana wanga ankadya chakudya chawo chokha, ndipo ine sindinkadziwa zimene ankaikamo.

Timakhala ku Mpamba, kumene mitengo ya labala imathera n'kuyamba minda ya chinangwa. Dzina langa ndine Lyness, kwathu ndi ku Kande, kuno ndinabwera ndi ukwati. Amuna anga a Andrew ali ku Joni, choncho pakhomo tilipo atatu: ine, apongozi anga Anyalongwe, ndi Chimango, mwana wanga woyamba.

Chimango atangopitirira chaka anadwala kutsekula m'mimba, kenaka zilonda za m'kamwa. Kuchipatala anamuthandiza ndipo anachira, koma chakudya anadana nacho kuyambira pomwepo. Akangoona supuni ankatseka pakamwa n'kutembenukira kukhoma. Apongozi anayesa mwachikale, kumugoneka pamiyendo n'kumamuthira phala ndi dzanja. Mwana ankalira mpaka kutsamwa, phala lonse n'kubwerera. Nthochi ankaifinya m'manja. Usipa ankaupatsa mphaka. Ankangofuna bere, ndipo bere langa silinkamukwanira. Timikono take tinayamba kuoneka ngati timapesi, ndipo pomusambitsa maso anga ankathawa nthiti zake.

Kusikelo a Juliet, azaumoyo amene amatiyezera ana pansi pa mtengo wa mango, anamupachika kawiri kuti mwina sikelo yanama. Kenaka anandikokera pambali.

"Amake Chimango, sindikukuopsezani, koma mwanayu akutsika. Akatsikanso tikutumizani mukagone naye kuchipatala. Chilichonse chabwino chimene angalole, mpatseni. Musamukakamize, komanso musatope."

Lamulungu lotsatira, tikuchokera kutchalitchi, ndinaima pamsewu kuti ndigule tomato, mwana nditamunyamula m'chiuno. Pafupi panali mayi wamfupi, wojintcha, phewa limodzi lotsika kuposa linzake, atakhala pachidebe. Pamiyendo anali ndi thireyi, ndipo pathireyipo panali chinthu chofiirira ngati chiwindi chophika, chodulidwa timagawo. Chimango anatambasula dzanja.

"Amuna angawa akufuna," anatero mayiwo. "Asiyeni alawe, amake mwana. Si nyama iyi, musaope."

Ndisanayankhe anali atamupatsa kale kagawo m'manja. Mwana anakayang'ana, anakanunkhiza, anakaluma. Ndinadikira kuti alavule. Sanalavule. Anakamaliza konse mpaka kunyambita chikhatho. Ine ndinangoti njo pamenepo, tomato ali m'manja, misozi ikutsika, ogulitsa ena akundiseka.

Mayi Hilda ndinawadziwa choncho. Pamsewu palibe amawatchula dzina limenelo. Kuno mayi timamuitana ndi chiwongo chake, Anyamanda, Anyamhone, ndiye iwo poti ndi obwera, anzawo anawapangira chawochawo: Anyachinaka. Amavomera ndithu. Amati bola chiwongo chodyedwa.

Ife a kunyanja chinaka sitinakule nacho. Ndi timizu tozungulira ngati timbatata ta kachewere tating'onoting'ono, ta maluwa ena am'tchire amene amamera m'madambo a kumapiri kozizira, monga ku Chikangawa. Kwawo kwa Mayi Hilda ku Dedza amati chikande. Anthu amati ndi mankhwala, amati chimalimbitsa thupi, chimagwira m'mimba, chimateteza ana ku matenda. Kaya n'zoona kaya ayi, ine sindikudziwa. Chimene ndinaona ndi maso anga n'chakuti mwana wanga anadya, ndipo mawa lake anadyanso.

Apongozi sanakondwe. Amayankhula Chitonga, makamaka akakwiya, koma mwachidule anati: "Mwana wa kunyanja azikula ndi mizu ya maluwa? Mwawaona akuphika? Mukudziwa zimene amathiramo kuti mwana azingofuna chawo chokha?"

Funso limenelo linandikhala pamtima ngati munga wa nsomba pakhosi. Ndiye ndinayamba kupita kwawo, ati kukagula chinaka chisanafike pamsewu, koma kwenikweni kukaona.

Nyumba yawo ili kunsi, pafupi ndi kamtsinje, ya udzu, ndipo makoma ake amakhala obiriwira m'munsimu ngakhale m'chilimwe. Ulendo woyamba ndinaima patali, maso ali pamanja awo.

"Inu, mukuyang'ana ngati apolisi a pamsewu," anatero osatembenuka. "Khalani apa pafupi, muone bwinobwino, kuti mukanene zoona kwa amene wakutumani."

Ndinachita manyazi, koma ndinakhala. Anafukula timizu tingapo m'ndowa ya mchenga, anatitsuka, n'kupala khungu ndi kampeni kopindika kamene ankachekera labala kale. Mkati mwake munali moyera, monyezimira. Anatisinja mumtondo mpaka tinasanduka phala lomata longa ulimbo. Pamoto anawiritsa nsinjiro zambiri ndi mchere, anathiramo chidulo cha makoko a nthochi, kenaka phala lija, n'kuyamba kuvundula. Chinthucho chinasintha mtundu ine ndikuona, kuchoka kuyera kupita kufiira, mpaka chinayamba kukana mthiko. Anachikhuthulira m'thireyi kuti chizizire. Basi. Munalibe china.

"Kwathu ambiri saika nsinjiro zochuluka chonchi," anatero. "Anali a Edwin, amuna anga. Ankati chopanda nsinjiro chili ngati kutafuna patapata."

Kuyambira tsiku limenelo ndinkapita kawirikawiri, ndipo mbiri yawo ndinaimva zidutswazidutswa, pakati pa kusinja ndi kuvundula. Anabadwira kufupi ndi phiri la Chongoni. Ali mtsikana ankapita kudambo ndi azakhali awo, atanyamula ndodo yosongoka, mvula ikangotha maluwa atayamba kufota. Pansi pa duwa lililonse pamakhala timizu tiwiri, kena kakale kokwinyika, kena katsopano kolimba. Azakhali awo ankakumba apa n'kudumpha apo, ndipo mwana akazula zonse za pamalo amodzi ankalandira khofi.

"Masiku ano okumba amasesa ngati akusesa pabwalo," anatero. "N'chifukwa chake timizu tikungochepa. Onani aka, kodi n'kambatata kapena kabatani ka malaya?"

Anakwatiwa ndi a Edwin, ndipo atamva kuti ku Nkhata Bay kukulembedwa ntchito ya labala anakwera lole onse awiri. Iwo ankaganiza kuti kunyanja kulikonse kuli ngati ku Salima, kouma ndi mchenga. Anapeza mvula yogwa ngati ili ndi mlandu ndi munthu. Nawonso anaphunzira kucheka mitengo kuti utomoni uzitsikira m'kapu, ndipo ndowa za utomoniwo ndi zimene zinatsitsa phewa lawo lakumanja. A Edwin atamwalira anaikidwa konkuno. Abale anabwera kudzawatenga kuti abwerere ku Dedza, iwo anakana.

"Ndikanawasiya ndi ndani a Edwin kumandako? Munthu Chitonga sankachimva. Anzawo onse ogona pafupi ndi Atonga, azicheza ndi ndani ine ndikapanda kumapita?"

Ananena osaseka, ndipo mpaka lero sindikudziwa ngati inali nthabwala.

Phewa litakana ntchito ya labala anabwerera ku chakudya cha utsikana wawo. Mwana wawo Gilbert ndi kondakitala wa minibasi ya ku Mzuzu, ndipo m'miyezi yozizira, okumba akatsika nacho chinaka kumsika, amawagulira n'kuwatsitsira pamsewu. Nyengo imeneyo ikapita, chapita. China mpaka chaka chamawa. Ndiye chonse chimene adzaphike chaka chathunthu amachikwirira mumchenga. Ine nditamva zimenezi ndinayamba kuyang'ana ndowa zija mwa mtundu wina. M'menemo ndi mmene munali chakudya cha Chimango.

Mvula yoyamba itagwa, kunja kukutentha ngati m'khitchini, ndinawapeza atakhuthulira ndowa imodzi pansi. Ananditambasulira kamuzu kamodzi.

"Kasindikizeni ndi chala."

Chala changa chinalowa. Munatuluka madzi abulauni, fungo lake ngati mbatata yoiwalika m'thumba. Pa tina panali timaulusi toyera, tofewa ngati thonje, tolumikiza kamuzu aka ndi kanzake.

"Chuku," anatero. "Mlendo wanga wa chaka ndi chaka. Chaka chatha anandidyera pafupifupi zonse. Ku Dedza kulibe zimenezi, kumazizira, mumakwirira n'kuiwala. Kuno ngakhale nsapato zimamera ndevu."

Ndinawafunsa kuti, "Ndiye zikawola zonse?"

"Ndiye amuna anga a Chimango adya chiyani, ndi zimene mukufunsa. Tengani lichero ilo, tisankhe."

Posankha anandionetsa chinthu chimene pakanapanda iwo sindikanachiona. Kuwola sikunkayambira paliponse. Kunkayambira pabala, pamene khasu la wokumba linakhudza, kapena pamene panathyoka tsinde. Anati zimenezi anaziphunzira ku labala: nthawi ya mvula pamene mwacheka mtengo pamada n'kuyamba kuwola, ndipo akapitawo ankawapatsa mankhwala opaka ndi kaburashi, n'kuwalamula kupukuta mpeni asanakhudze mtengo wina.

"Bwanji osapempha mankhwala omwewo?" ndinafunsa, kufuna kumva chimene ayankhe.

Anandiyang'ana m'mbali. "Mwandiyesa, eti? Labala sadyedwa, amake Chimango. Ine ndimafuna mankhwala oti ndikanyambita chala ndisafe."

Kuseri kwa khitchini kunali miphika yakale yong'aluka, iliyonse yomangidwa kansalu ka mtundu wake pakhosi. Chaka chilichonse amayesa china. Chaka chimenecho anasinja adyo n'kumuviika m'madzi, anasinja jinja, anafinya masamba a deliya uja amamera m'mbali mwa msewu, ndi masamba a nimu amene Gilbert anawathyolera ku Chintheche. Anasefa madzi aliwonse pansalu. Kenaka anayamba kusambitsa timizu. Mawu ena ndilibe, kunali kusambitsa ndithu. Kamodzikamodzi, kukaviika, kukasisita pabala ndi chala chachikulu, kukatsamiritsa palichero pamthunzi kuti kaume, uku akuyankhula nato.

"Iwe usandichititse manyazi. Iwe wayamba kale, choka, ungapatsire anzako."

Mchenga nawo anaukazinga pachidutswa cha lata mpaka unasiya kutuluka nthunzi, n'kuusiya uzizire. Mumphika wina anaika timizu tosamba adyo, wina jinja, wina deliya, wina tongopaka phulusa. Mphika womaliza anaikamo timizu tosasamba kanthu.

"Nanga uwu mwaiwala?"

"Uwu ndi wa Mulungu yekha. Ndikapanda kusiya wina wopanda kanthu, ndidziwa bwanji kuti wagwira ntchito ndi adyo osati mwayi? Mwina ndikungonunkhitsa manja pachabe."

Ine sukulu ndinalekezera Fomu 3, koma pamenepo ndinakumbukira buledi amene aphunzitsi a Bayoloje anatisungitsa m'pepala la pulasitiki mpaka anamera ubweya. Ndinawauza kuti chuku ndi chamoyo, chili ndi timbewu tosaoneka touluka mumphepo, ndipo timamera pamene pali chinyontho ndi kutentha. Anasiya zimene ankachita n'kuyang'ana makoma awo obiriwira aja.

"Timbewu? Ndiye kuti nyumba yangayi ndi dimba lake." Anaganiza pang'ono. "Kwanu kuli malata ndi simenti, eti? Kumtunda?"

Timizu tambiri, toposa tonse ta m'miphika ija, anali atatisambitsa ndi nimu, chifukwa adyo analipo wochepa pamene masamba a nimu anali thumba lonse. Timeneti tinatiika m'beseni lalikulu la mchenga wokazinga kuti likakhale kwathu. Ndisananyamule ndinanyambita chala chimene chinakhudza madzi obiriwirawo, ndipo nkhope yanga inawauza zonse. Kuwawa kwake kunafika mpaka m'makutu.

"Zimenezi mwana wanga adye?"

Sanakwiye. Anatenga kamuzu kamodzi kouma, anakapala khungu lonse mozama, anakatsuka madzi angapo, anakadula pakati, theka iwo theka ine. Kanali kozizira, komata, kopanda kuwawa ngakhale pang'ono.

"Nimu ndi malaya chabe. Pophika timavula."

Mantha sanathe onse, koma ndinanyamula besenilo. Ndinaliika kuseri kwa chitseko cha pabalaza, n'kuuza apongozi kuti ndi katundu wa Anyachinaka, chakudya cha Chimango cha miyezi ya mvula, ndipo chasambitsidwa ndi mankhwala a masamba kuti chisawole. Anangovomera m'Chitonga kuti "Yewu," n'kuliyang'ana nthawi yaitali.

Masiku otsatira Mayi Hilda ankaphika timizu tokayikitsa totsala posankha paja, tisanawole. Titatha anabwera kwathu m'mawa wina ndi kambale.

"Mwayuka uli, Anyalongwe?" analonjera m'Chitonga chawo chopindika. Apongozi anayankha ali kumphasa, akusenda chinangwa, osadzutsa mutu.

Tinakoka beseni. Mchenga unali wosalala bwino. Mayi Hilda analowetsa dzanja, anafufuza uku ndi uku, mpaka chigongono. Anatulutsa dzanja lopanda kanthu. Ine ndinakhuthula beseni lonse pasimenti. Mchenga wokhawokha.

"Ama!" ndinaitana apongozi. "Mwalowa munthu muno?"

"Musakuwe, palibe wakuba," anatero apongozi ali pakhomo, mpeni uli m'manja. "Zili pabwino. Ndinalawa kamodzi. Kuwawa kuposa chinangwa cha gomani! Inu mukanamupatsa mwana zimenezo?"

"Ndiye mwaziika kuti, asisi?" anafunsa Mayi Hilda, mawu awo atatsika.

"Kumene timaika chowawa chilichonse. Ndiphunzitsidwe lero? Chowawa chimapha, chowawa timaviika. Zikhala zitatsala pang'ono kupsa."

Amene sanakule ndi kondowole mwina sangamvetse. Chinangwa chathu chowawa mukachidya chosaviika mumaledzera, mumasanza, ena amafa. Mtsikana aliyense wa kuno amaphunzira asanathe msinkhu kuti muzu wowawa umagona m'madzi mpaka ufewe, ndipo ukafewa ndiye kuti ululu wachoka. Apongozi anga adyetsa ana awo onse ndi nzeru imeneyo, ndipo sinawanamizepo.

Tinatsika tonse atatu kudziwe lawo loviikira chinangwa, Chimango ali kumbuyo kwanga. Madzi ake amakhala otuwa, a thovu, ndipo fungo limakulonjerani musanafike. Apongozi anachotsa miyala, anasuntha chinangwa, n'kukoka kathumba ka saka. Anakamasula monyadira ndithu.

Munalibe timizu. Munali phala lotuwa, loterera, ndi timakungu toyandama. Apongozi analowetsa dzanja, anafinya, phalalo linatuluka pakati pa zala.

"Chafewa," anatero, koma mawu awo anali atayamba kukayika. "Tikachiyanika..."

"Sichiyanikika, asisi. Chapita."

Mayi Hilda anakhala pamwala. Ndinkaganiza kuti alira kapena atukwana, poti m'kathumbamo munali malonda awo a miyezi yonse ya mvula. Anangoyang'ana dziwelo, kenaka anaseka kamodzi, kuseka kouma.

"Zaka zonsezi ndikuthawitsa chinaka ku chinyontho. Inu mwachiperekeza kwawo kwenikweni, mpaka pakhomo."

"Ine ndimafuna mdzukulu wanga asafe," anatero apongozi mokalipa, koma maso ali pansi.

"Tonse, asisi. Tonse." Anatola kakhungu kamodzi n'kukayang'ana padzuwa. "Koma taonani, nimu uja wachokadi. Pamenepo simunaname."

Ine sindinaseke. Ndinkamva kupuma kwa Chimango pamsana panga, kopepuka ngati kwa kamwana ka nkhuku, ndipo m'mutu mwanga munali bedi la kuchipatala. Tinaimbira Gilbert, anazungulira msika wa Mzuzu n'kuyankha kuti chimene wapeza n'chochepa ndipo chikununkha kale.

Inatsala miphika ya kuseri kwa khitchini ija. Tinaifukula tsiku lomwelo. Wa Mulungu yekha unali thonje lokhalokha, ndipo Mayi Hilda anangoti, "Chabwino, tamva." Wa deliya sunasiyane nawo kwenikweni. Wa jinja, tina tolimba tina tofewa. Ta phulusa tinali titakwinyika ngati zala za munthu wochapa tsiku lonse, koma tingapo tinali tabwino mkati. Titafika pa wa adyo ndinatseka maso, iwo n'kumatulutsa kamodzikamodzi, akusindikiza ndi chala.

"Aka kali moyo. Aka kali moyo. Aka kapita. Aka kali moyo."

"Ndiye ndi adyo!" ndinatero.

"Mwina. Koma onani pamene unakhala mphikawu, wagundana ndi khoma la moto. Kaya ndi adyo kaya ndi kutentha kwa khitchini. Chaka chamawa ndidzausinthe malo." Anapukuta manja pachitenje. "Inu simusamala za chaka chamawa, ndikudziwa."

Tonse tabwino tinangodzaza kambale kamodzi ka ndiwo. Kufika nyengo yozizira kunali kutali. Mayi Hilda anakankhira kambaleko kwa ine n'kunena kuti pamsewu aziyamba agulitsa zitumbuwa, ngakhale amadana nazo chifukwa mafuta amawatsokomoletsa. Ndinakafunsa a Juliet za adyoyo. Anati za chinaka sanaphunzire ndipo sanganame, koma adyo ndi chakudya. Chachikulu ndipale khungu, nditsuke, ndipo kalikonse kofewa kapena konunkha nditaye osaumira.

Kuyang'anitsitsa kwanga konse kuja ndinakutembenuzira kwa mwana. Ndinaona kuti ndikamugwirira kagawo pakamwa, ankakana ngati mmene amakanira phala. Ndikakaika pamphasa n'kuyang'ana kumbali, ankakatola yekha, n'kumayenda nako chogwira khoma, akuluma pang'onopang'ono. Kakaphwanyika m'manja ankakataya. Ndinawauza Mayi Hilda kuti mwina chimene akufuna si muzuwo kwenikweni, koma chinthu cholimba, chozizira, choti agwire yekha popanda womukakamiza.

"Ndiye tichepetse timizu, tichulukitse nsinjiro, tione," anatero.

Tinayesa. Sichinagwirane. Chinatuluka ngati chigumu chosapsa, ndipo Chimango anachimwaza pansi nkhuku n'kusangalala. Muzu uja ndi umene umamanga zonse.

Apongozi anali atakhala masiku osayankhula za chinaka, koma tsiku limenelo anali atatitsatira, ati kudzabwereka sefa. Anayang'ana zophwanyikazo n'kunena chapansipansi, m'Chichewa, chimene sachita kawirikawiri:

"Kondowole amamata."

Mayi Hilda anatukula mutu. "Ufa wa chinangwa m'chinaka? Amachita zimenezo ndi ogulitsa achinyengo. Ine chiyambire sindinachitepo."

"Uyu ndi kasitomala?" anafunsa apongozi, akuloza mdzukulu wawo ndi mlomo.

Kenaka Mayi Hilda anati, "Ukhale woviikidwa bwino, wouma bwino."

"Mukuuza ine?"

Ufa unabwera wosefa kawiri, woyera ngati mchere. Ulendo woyamba anaika wambiri, chinthu chinatuluka chotanuka moti Mayi Hilda anati tikagulitse kwa opanga mipira ya labala pamsewu. Wachiwiri chinagwirana bwino, ndipo Chimango anadya osafunsa. Kuyambira pamenepo kuphika kulikonse timizu tinkachepa, nsinjiro n'kumachuluka, amayi awiriwo akukangana pamphika, wina ati chidulo chachepa, wina ati moto wachuluka. Kambale kaja kanatifikitsa patali kuposa mmene ndinkayembekezera. Kusikelo ya mwezi umenewo mwana sanatsike. Kukwera anakwera pang'ono kwambiri, koti a Juliet anachita kuyandikira kuti aone, koma anati tipitirize zomwezo, za kuchipatala tidikire kaye.

Kenaka linafika tsiku limene m'mchenga munatsala timizu titatu, ndipo tonse tinali titatulutsa timphukira tobiriwira. Mayi Hilda anatiyang'ana, anandiyang'ana ine.

"Iti sitiphikika bwino tikaphuka. Ndikufuna nditidzale m'beseni lobooka, ndione ngati duwa la kumapiri lingalole kukhala ku Mpamba. Mwina lifa. Koma mukanena kuti tiphike, tiphika."

Ndinayang'ana Chimango, amene anali kukoka mchira wa mphaka wawo ndi mphamvu zimene mwezi wathawo analibe.

"Dzalani," ndinatero. "Tiyese chopanda timizu."

Chinatuluka chotuwa, osati chofiirira, ndipo fungo lake linali la mtedza basi. Chitazizira ndinadula kagawo kofanana ndi ka masiku onse, ndinakaika pamphasa, tonse atatu n'kuyamba kunamizira kutola miyala mumpunga. Ine mpunga sindinkauona n'komwe.

Chimango anakwawa, anakatola. Anakatembenuza uku ndi uku. Anatiyang'ana mmodzimmodzi, ngati mkulu wa mpingo amene wamva mphekesera. Analuma, anakwinya nkhope, anatulutsa lilime chakudya chili pomwepo.

"Atigwira," ananong'ona Mayi Hilda.

"Chete, Anyachinaka," anatero apongozi.

Lilime linabwerera mkati. Anatafuna, anameza. Anaimirira chogwira khoma n'kuyamba ulendo wake, akuluma, akuima, akulumanso. Atadya kupitirira theka miyendo inatopa, anakhala pansi mwamphamvu, pamwamba penipeni pa chotsalacho.

Ndinapeza kuti ndagwira dzanja la apongozi, ndipo mpunga watayikira pamphasa. Mayi Hilda anali atayamba kale kuboola beseni lawo ndi msomali.

"Mawa muswereko dzira," anatero. "Tione ngati azindikire."